Maiko atatu tsiku limodzi kuchokera ku Livingstone: maboda anayenda bwino, matauni tinangowanunkhiza

Ku Livingstone makampani oyendetsa alendo ndi ambiri zedi, ndipo ena mwa iwo amagulitsa ulendo woti mudzuke ku Zambia, muwolokere ku Victoria Falls mbali ya Zimbabwe, mupitirire ku Kasane ku Botswana, dzuwa likamalowa mwabwerera pogona panu kudzera pa mlatho wa Kazungula. Pa mapu zimaoneka zophweka heavy chifukwa matauni atatuwa ali moyandikana, ndi kabwalo chabe. Ine ndinalipira ulendo umenewu kwa kampani ina yaing'ono, dzina sinditchula, ndipo ngati muli ndi changu yankho langa ndi ili: ndalama yanu mukulipirira munthu wodziwa maboda, osati kuona matauni. Pa maboda anyamatawa ntchito amaidziwa, sindinama. Koma zoti "muona matauni" zija, aaa, pamenepo tikambirane kaye.

Kubuka kwake kunali kwa pa WhatsApp ndipo amayankha msanga, mwina nchifukwa choti ndalama inali isanalowe, kaya. Anandipempha chithunzi cha pasipoti tsiku lisanafike, ine nkumadabwa kuti akufuna atani nacho, koma mmawa wake ndinamvetsa. Gaidi atafika ndi minibasi sanalole kuti tinyamuke asanaone pasipoti ya aliyense ndi maso ake, tsamba ndi tsamba. Amaona ngati isanathe nthawi, ngati muli masamba opanda kanthu podinda, komanso mtundu wa viza kwa amene amafunika viza. Musaiwale kuti tsikuli mutuluka ndi kulowa katatu ndiye masitampa ndi ambiri, pasipoti yodzadza ikhoza kukusiyitsani ulendo pakati. M'gulu lathu munali banja lina lochokera kunja kwa Africa ndipo iwo anawafunsa mobwereza ngati ali ndi KAZA Univisa, viza ija ya madola 50 yomwe imakulolani kumalowa ndi kutuluka pakati pa Zambia ndi Zimbabwe kwa masiku 30, komanso kukacheza ku Botswana kudzera pa Kazungula bola mubwerere tsiku lomwelo. Mukagona ku Botswana ndiye kuti vizayo yathera pomwepo. Amene tili ndi mapasipoti a maiko ambiri a SADC zimenezi sizitikhudza, timangodinditsa basi, komabe zinandisangalatsa kuti munthuyu amathana ndi mavuto tisanafike pa kauntala, osati kukayamba kukanda mutu anthu ali pa mzere kumbuyo kwanu.

Kuchokera m'tauni ya Livingstone kukafika pa boda ndi makilomita pafupifupi 10 okha. Apa ndi pomwe ndinadziwira chinthu chomwe pa WhatsApp paja sanandiuze: minibasi yathu siiwoloka. Galimoto kuti ilowe dziko lina pamafunika mapepala ake ndi ndalama zake, inshuwalansi, msonkho wa msewu ndi zina zotero, ndiye makampani ang'onoang'ono ambiri amangogwirizana ndi anzawo a tsidya linalo, uyu akusiyani pa boda wina akutengani uko. Si chinyengo ayi, ndi mmene bizinesiyi imayendera, koma zikutanthauza kuti tsiku lanu lili m'manja mwa madalaivala atatu osiyana ndipo mmodzi akachedwa nonse mwachedwa. Chikwama chilichonse chomwe mwatenga muzinyamula nokha posintha galimoto. Mayi ena achikulire omwe tinali nawo anabwera ndi chikwama chachikulu poganiza kuti chizingokhala pa mpando tsiku lonse, gaidi anachita kuwalandira, "amayi bweretsani kuno, inu muzingogwira pasipoti yanu basi", ndipo anachinyamuladi mpaka tsidya osadandaula.

Koma kuwoloka wapansi pa mlatho wa Victoria Falls, abale, chimenechi chokha ndi ulendo pachokha ndipo ndikuthokoza kuti galimoto sinatidutsitse mothamanga. Pakati pa ofesi ya Zambia ndi ya Zimbabwe pali kamtunda ndithu, mumayenda m'mbali mwa mathiraki omwe ali pa mzere, anyani akungoyendayenda pamwamba pa matenti a mathirakiwo kusaka chakuba, ndipo gaidi anatichenjeza kuti jumbo iliyonse ya pulasitiki ilowe m'chikwama chifukwa nyani akaona jumbo amadziwa kuti muli kanthu. Kenako mwangotulukira pa mlatho. Unamalizidwa mu 1905, zitsulo zake zinapangidwa ku England nkubwera nazo pa sitima, kutalika kwake mamita 198 ndipo madzi a Zambezi ali pansi mamita 128. Cecil Rhodes, mtsamunda wa ku Britain uja, ndi amene ankafuna kuti njanji idutse pafupi ndi mathithi chonchi kuti sitima izinyowa ndi nthunzi ya madzi, koma mwini wakeyo anamwalira mu 1902 osauona. Mathiraki olemera amawoloka imodzi imodzi, ndipo ikamadutsa mumamva mlatho wonse ukunjenjemera kumapazi kwanu, ine ndinagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri, chitsulocho chonyowa, chozizira, kumanja utsi wa madzi ukukwera kumwamba kumanzere chiphompho chakuda bii. Pakati penipeni pali anthu odumpha bungee, mamita 111, munthu kulipira ndalama zake kuti amumange miyendo nkumuponya kuphompho, ine zimenezo ayi zikomo. Gaidi wathu wa ku Livingstone nkhani ya mlathowu amaidziwa bwino ndipo sanatithamangitse. Pa ulendo wonse ndi pano pokha pomwe ndinamva kuti palibe akundiyang'anira wotchi.

Titadinditsa mbali ya Zimbabwe tinapeza galimoto yachiwiri ikutidikira kale, yoyera bwino, madzi akumwa ozizira alimo. Dalaivala wake waulemu. Vuto linayamba pomwe anatiuza nthawi yomwe tili nayo, kuti pofika masana tikhale tanyamuka ulendo wa ku Kazungula, ndiye musankhe, kulowa ku mathithi kapena kuzungulira tauni. Tinayang'anana. Pa uthenga wobukira paja analemba zonse ziwiri, mathithi ndi tauni, ndipo sanalembe kuti ndalama yolowera ku paki ya mathithi ndi yapadera. Ndalamayo imasiyana, eni dziko amalipira yochepa, a SADC yapakati, ochokera kutali yokwera, ndiye pasipoti ija muisunge pafupi chifukwa pa geti amaifunanso. Ine sindikudandaula kuti pakiyo ndi yolipira, malo ngati amenewa ayenera kusamalidwa, chomwe chinandinyansa ndi kuuzidwa tili kale pa geti.

Ambiri tinasankha mathithi, nanga munthu ungafike pamenepa nkubwerera pakhomo? Mathithiwa ndi otambalala mamita 1,708 ndipo pomwe pali patali kwambiri madzi amagwa mamita 108, bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wake wa malo ofunika a dziko lonse mu 1989. Mbali ya Zimbabwe ndi yomwe mumayang'anizana ndi gawo lalikulu la madziwo, nchifukwa chake anthu ogona ku Livingstone amawolokabe ngakhale kuti kwawoko aliko kale mathithi omwewo, makamaka cha mu Okutobala ndi Novembala pomwe mbali ya Zambia imatsala miyala yokhayokha malo ambiri. Cha mu Epulo ndi Meyi ndiye madzi amakhala ochuluka moti mumanyowa mpaka zamkati ndipo foni mukapanda kuikulunga mulira. Kanjira kake kamayambira pa chiboliboli cha David Livingstone, yemwe anafika pa mathithiwa mu 1855, nkumatsata m'mphepete mwa phompho m'kankhalango konyowa chaka chonse. Kuti muyende bwinobwino, kuima pamalo poonera paliponse, pamafunika maola awiri kapena kuposa. Ife anatipatsa ola limodzi ndi kachidutswa, gaidi ali kutsogolo kumangoti "tiyeni akuluakulu, tiyeni", kutikusa ngati mbuzi zopita pa msika. Amayi achikulire aja anafika pakati nkukhala pa benchi, amvekere "ana inu pitani mukandiuze, ine miyendo yakana". Zinandimvetsa chisoni chifukwa iwowa analipira chimodzimodzi ndi tonsefe.

Tauni ya Victoria Falls yeniyeniyo ndiye tinaiona pa windo. Ndi tauni yaing'ono yoti munthu ukhoza kuizungulira wapansi, ili ndi siteshoni ya sitima yakalekale, hotela ija ya Victoria Falls Hotel yomwe inatsegulidwa mu 1904 mlatho usanathe nkomwe, ndi mlambe waukulu womwe amautcha Big Tree cha m'mbali mwa mtsinje. Zonsezi zinali pa pulogalamu. Mlambewo dalaivala anangochepetsa liwiro, "ndi umenewo", ife kujambula mothamanga chithunzi nkutuluka chogwedera. Koma chodabwitsa nchakuti nthawi yoima pa msika wa ziboliboli inapezeka, yambirinso. Sindikunena kuti pali chomwe amalandira pamenepo, umboni ndilibe, ndikungonena kuti mlambe unapatsidwa masekondi pomwe msika unapatsidwa theka la ola. Pamsikapo anyamata amakutsatirani ndi ndalama zakale za Zimbabwe zija za nthawi ya mavuto a chuma, mmodzi anandionetsa pepala la 100 trillion lomwe linatuluka mu 2009, lofewa ndi kugwiridwagwiridwa, miyala itatu yosanjikizana ili pakati, akuti "bwana mukhale bilionea lero". Ndinaseka ndithu. Anthuwo si achipongwe, akusaka ya tsiku, koma ngati mwabwera kudzaona tauni ndiye kuti nthawi yanu ikuthera pa kukana zinthu mwaulemu.

Nkhani ya ndalama ndiiponye pompano ndisanaiwale. Tsiku limodzi mukudutsa ndalama za mitundu itatu kapena inayi, kwacha ya Zambia, ku Zimbabwe dola ya America pamodzi ndi ndalama yawo ya ZiG yomwe inayamba mu Epulo 2024, ndi pula ku Botswana. Kampani sinatiuze kalikonse za zimenezi. Ku Victoria Falls dola ndi yomwe imayenda, koma tengani mapepala ang'onoang'ono osang'ambika chifukwa chenji chimavuta. Ku Kasane masitolo akuluakulu khadi imagwira. Osintha ndalama a m'mbali mwa boda asiyeni, pa tsiku limodzi simukufunika ndalama yambiri yoti mpaka muziika pachiswe. Foni nayo, simu yanu ikawoloka imalowa roaming ndipo bandulo ya kwina sigwira ntchito kwina, ndiye mapu ndi nambala za madalaivala onse atatu muzisunge musananyamuke. Nambalazo muchite kuzipempha, paokha sapereka.

Msewu wochoka ku Victoria Falls kupita ku boda ya Kazungula ya pakati pa Zimbabwe ndi Botswana ndi wa makilomita pafupifupi 70, wa tala, wodutsa m'tchire la nyama lokhalokha. Tinaima kawiri kudikira njovu kuti ziwoloke, ina ili ndi kamwana kake kakuthamangira pansi pa mimba, ndipo apa dalaivala anachita bwino, anazimitsa injini nkutiuza kuti tisakweze mawu. Zimenezi sizinali pa pulogalamu koma ndi zomwe anthu ambiri m'galimotomo anasangalala nazo kuposa msika uja.

Ndiye tifike pomwe tsiku linawonongekera. Tatuluka Zimbabwe, talowa Botswana, zonse bwinobwino, ma ofisala anatithandiza mwachangu. Polowa Botswana pali kachiguduli konyowa ndi mankhwala komwe aliyense amapondapo, nsapato zina zomwe zili m'chikwama nazonso mumazitulutsa nkuzigunditsa pamenepo, magalimoto amadutsa m'kadziwe ka mankhwala omwewo. Nchifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, dziko lija ng'ombe ndi chuma ndipo sachita nazo masewera, nyama yaiwisi musayerekeze kuwoloka nayo. Amene muli ndi ana osakwana zaka 18 dziwaninso kuti Botswana imafuna setifiketi yobadwira ya mwana, ndipo ngati kholo limodzi palibe pamafunika kalata yolumbirira yochokera kwa iye. Apa kampani ndiipatse ulemu wake, banja lomwe linali ndi mwana linauzidwa kale ndipo mapepala anali m'manja, sanataye ngakhale mphindi. Koma titamaliza zonsezo, galimoto yachitatu kunalibe. Dalaivala wa ku Zimbabwe ntchito yake inali itathera pa geti, wabwerera. Gaidi kuimba foni, sikupezeka, kuimbanso, akuti ali m'njira. Tinakhala pa kamthunzi kopereweza dzuwa lili pamutu kuposa ola lathunthu, amayi aja akudzikupiza ndi pasipoti. Atafika mkuluyo sanapepese nkomwe, anangoti anali ndi alendo ena oti akawasiye ku bwalo la ndege. Ndiye kuti galimoto imodzi anaigulitsa kawiri nthawi yomweyo, ife ndi amene tinalipira ndi nthawi yathu.

Kasane ndinaikonda, ndipo nchifukwa chake kuchedwaku kunandipweteka. Ndi katauni kotsata mtsinje wa Chobe, msewu waukulu umodzi, bata lake losiyana ndi phokoso la ku mathithi kuja. Njiri zimangoyenda m'tauni, ina ndinaipeza itagwada ndi maondo akutsogolo ikudya udzu pafupi ndi poimika magalimoto pa sitolo, anthu akudutsa ndi matrole osaicheukira nkomwe. Pafupi ndi polisi pali mlambe wamphako womwe amati kale ankatsekeramo akaidi. Mukaima m'mbali mwa mtsinje tsidya linalo ndi Namibia, pafupi moti ng'ombe za uko mukuziona. Kumtunda pang'ono kuli chilumba cha Sedudu, a ku Namibia amati Kasikili, chomwe maiko awiriwa anakanganirana mpaka nkhani inakafika ku khoti la dziko lonse ku The Hague, ndipo mu 1999 chigamulo chinakomera Botswana. Zimenezi anatifotokozera ndi gaidi wathu uja wa ku Livingstone, dalaivala wochedwayo anali pa foni. Chomwe anthu amapitira ku Kasane kwenikweni ndi boti la masana pa Chobe, lija limayenda maola atatu mukuona njovu zikusambira, mvuu, njati ndi ng'ona. Ife tinafika maboti akunyamuka, tinangowaona akupita. Kunena zoona ngakhale galimoto ikanafika pa nthawi yake boti silikanakwanamo mu pulogalamuyi, ndiye funso nkumati, munthu wakutengerani ku Kasane kuti mukatani ngati ku mtsinje simukwera, ku paki simulowa? Tinayenda kuchokera pa sitolo kukafika pa mtsinje nkubwerera, basi, "tiyeni boda isatitsekere".

Pobwerera ndi pa mlatho wa Kazungula, ndipo ngati munadutsapo kale nthawi ya pantoni simungakhulupirire kuti ndi malo omwewo pomwe mathiraki ankagona masiku kudikira kuwoloka. Unatsegulidwa mu Meyi 2021, ndi wa mamita 923 ndipo ndi wokhota, osati chifukwa cha kukongoletsa ayi, koma kuti malire a Zambia ndi Botswana pamenepa ndi kachidutswa ka mamita pafupifupi 150 okha, kumanja Zimbabwe kumanzere Namibia, ndiye anachita kuupinda kuti usaponde dziko la eni. Pakati pake anaikapo njanji kudikira sitima za mtsogolo. Boda yake ndi ija yoima kamodzi, mukamalowa Zambia mumadinditsa zonse ziwiri, kutuluka Botswana ndi kulowa Zambia, m'nyumba imodzi, kauntala iyi kenako iyo. Pa maboda onse a tsikuli iyi ndiye inali yachangu kwambiri. Minibasi yathu ya mmawa ija inali ikudikira kale panja, ndipo makilomita 60 ndi kanthu obwerera ku Livingstone ambiri tinawagona.

Tsono ulendowu ndi wa ndani? Ngati chomwe mukufuna ndi masitampa atatu mu pasipoti ndi zithunzi za milatho iwiri, mupeza zomwe mukufuna ndipo mutu sukupwetekani ndi mafomu. Ngati simunawolokepo boda chiyambire ndipo mukuopa, gaidi ngati amene tinali nayeyu ndi wofunika ndalama yake. Koma ngati mukufunadi kuona tauni, kukhala pansi, kucheza ndi anthu, sankhani imodzi. Victoria Falls simukufunika ngakhale kampani, takisi mpaka pa boda, kuwoloka mlatho wapansi, tauni ili pompo, tsiku lonse ndi lanu. Kasane ndi yomwe ikufunika kampani chifukwa cha mtunda ndi boti, koma mubuke ya Kasane yokha kudzera pa mlatho wa Kazungula, boda imodzi popita imodzi pobwera. Okalamba ndi ana aang'ono ulendo wa maiko atatuwu ndi chilango, musawatengere. Ndipo musanatumize ndalama afunseni molemba kuti galimoto musintha kangati, gaidi mmodzi akhala nanu tsiku lonse kapena ayi, ndalama zolowera ku paki ndi chakudya cha masana zili momwemo kapena ayi, komanso pa tauni iliyonse mutsika kwa nthawi yaitali bwanji, kutsika osati kudutsa. Akayankha kuti "zimatengera boda" afunseninso kuti nanga boda ikayenda bwino.

Nditabwerera ndinawalembera za galimoto yochedwa ija ndi za geti la paki. Anayankha mawa lake, ulendo uno osati mwachangu ngati pobuka paja, anapepesa bwino ndithu koma anati dalaivala wa ku Botswana si wantchito wawo ndiye palibe chomwe angabweze, chomwe angachite nkunditsitsira mtengo ndikadzabukanso. Ndinawauza kuti ine ndalama ndinapereka kwa iwo osati kwa dalaivalayo, mpaka lero uthengawo uli ndi timizere tiwiri tabuluu. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu, ndipo ziwiri mwa zitatuzo ndi za gaidi.